Kabokosi Kojambulira Mawu

Agness ndi Pio, ana anga, ndikulemba izi ndi zilembo zikuluzikulu, ndiye musadabwe kuti mapepala achuluka. Za ubwana wanga munamva kale kwa azakhali anu. Pano ndikufuna mudziwe za ntchito imene ndinagwira zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, komanso ina imene ndinagwira nditapuma kale, ndili ndekha m'nyumba ino ya ku Njuli.

1979

Ntchito ndinayambira pa sukulu ina yapulayimale kufupi ndi Ndunde, kuphunzitsa Sitandade 4. Nditatha zaka ziwiri, kunabwera kalata yofuna mphunzitsi mmodzi woti akaphunzire kaphunzitsidwe ka ana osaona. Ndisakunamizeni kuti ndinapita chifukwa cha mtima wabwino. Aphunzitsi akuluakulu onse anakana, wina akuti ali ndi dimba, wina akuti mkazi wake ndi woyembekezera. Ahedi anandiyang'ana nati, "A Nahuwo, inu simunakwatire, mulibe ngakhale nkhuku. Mupita ndinu." Ndinapita ndikunyinyirika. Kumeneko ndinaphunzira zilembo za timadontho zimene munthu amawerenga ndi nsonga za zala, ndi makina olembera timadonthoto. Pobwerera ndinali nditaikonda ntchitoyo, ngakhale sindingathe kunena tsiku limene chikondicho chinayamba.

1983

Ananditumiza ku sukulu ina ya mishoni yokhala ndi chipinda cha ana osaona. Ndimo ndinakwatira amayi anu, Rozaliya, ndipo nonse awiri munabadwira komweko. Ahedi a pamenepo anali a Kamwendo, munthu wolimbikira ntchito koma wosamvetsa zathu. Chipinda chathu ankasungiramo makasu a sukulu ndi matumba a simenti, mpaka zenera limodzi linatsekeka. Nditadandaula anandiyankha akuseka, "A Nahuwo, ana anuwo saona. Mdimawo ukuwavuta pati?" Ndinawauza kuti ana sakuvutika ndi mdima, akuvutika ndi makasu amene akuwatema zala zakumapazi. Mawa lake makasuwo anachoka, koma simenti inakhala mpaka mvula itatha.

Chosowa chachikulu chinali mapepala olimba olembapo timadontho. Tinkapempha makalendala akale m'masitolo a ku Limbe, tinkadula makatoni a sopo. Makina olembera anali amodzi, ndipo atathyoka tinadikira chaka chathunthu osakonzedwa. Apa m'pamene ndinayamba kuwerengera ana mabuku pa kaseti. Tinali ndi wailesi imodzi yojambula, imene sisitere wina wachikulire anatisiyira popita kwawo. Ndikaweruka ndinkakhala nayo m'chipinda chogona, buku m'manja, kumawerenga. Mabatire akafooka tinkawayanika padenga, ndipo mawu anga ankatuluka okokeka ngati a munthu woledzera, ana n'kumafa ndi kuseka. Amayi anu ntchito yawo inali kuthamangitsa nkhuku ndi kukutengerani inu kutali. Pio, iwe unali wolira kwambiri, ndipo ana a Sitandade 6 a chaka china ankadziwa kuti mutu wa mitsinje ya m'Malawi uli ndi mwana wolira pakati.

1995

Pa ana onse amene ndinaphunzitsa, mumukumbuka Asiyatu, uja ankabwera kwathu Loweruka kudzathandiza amayi anu kutongola chimanga. Anabwera ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, atakwezedwa pa njinga ndi bambo ake, telala wachisilamu wa ku Ndunde. Bamboyo anavula kofiya, napukuta thukuta, nati, "Aphunzitsi, mwana uyu makutu ake ndi akuthwa kuposa athu tonse. Nkhumba asadye. Zina zonse muphunzitseni." Ananena zoona. Asiyatu ankadziwa mphunzitsi aliyense ndi kaguguda ka nsapato zake.

Chaka chimene ankalemba mayeso a Sitandade 8, makaseti anatha. Onse amene tinali nawo anali ndi maphunziro oti sitingafufute, ndipo kunatsala buku lonse la sayansi. Ku ofesi anati tidikire teremu yamawa, koma mayeso sakanadikira. M'nyumba mwathu munali kaseti imodzi yokha, imene kwaya ya amayi anu inajambulitsa pa Pasaka wina. Amayi anu ndi amene ankatsogolera nyimbo zitatu za mbali yoyamba. Ine sindinaipemphe. Iwo anaona ndikuzungulirazungulira, anakaitenga m'sutikesi n'kuiika patebulo.

"Tengani, bambo a Agness."

"Iyayi, imeneyo ndi yanu."

"Mukaifuna nyimbo, ine ndilipo, ndidzakuyimbirani. Mwanayo alembe mayeso."

Ndinajambulapo za kagayidwe ka chakudya m'mimba. Asiyatu anakhoza n'kusankhidwira ku sekondale. Pa maliro a amayi anu, Agness, unandifunsa za kaseti imeneyi, ine ndinati inasowa posamuka. Sinasowe ayi. Ndakuuza tsopano.

2019

Ndinapuma ntchito mu 2017, tinabwera kuno ku Njuli m'nyumba imene tinamanga pang'onopang'ono. Amayi anu anakhalamo zaka ziwiri zokha. Maliro atatha, anthu atabalalika, inu mutabwerera wina ku Lilongwe wina ku Joni, ndinazindikira kuti pamudzi pano ndinali mlendo. Anzanga anali aphunzitsi, ndipo anali atamwazikana kapena kumwalira. Anthu oyandikana nawo ankandipatsa ulemu, koma ulemu sucheza. Ankadutsa n'kuti "Mwaswera, aphunzitsi," ali pa liwiro la kumunda. Panali masiku awiri kapena atatu otsatizana amene sindinkayankhula ndi munthu. Tsiku lina ndinapita kukagula tomato, nditati ndipereke moni mawu anakana kutuluka, ndinachita kutsokomola kaye. Munthu amene ndinkayankhula kuyambira m'mawa mpaka madzulo kwa zaka zonse zija! Mukaimba foni ndinkati ndili bwino, ndipo sikunali kunama kwenikweni, pakuti palibe chimene chinkandipweteka m'thupi.

2022

Mwezi wa Meyi, Lolemba lina masana, foni inalira nambala yosadziwika. Nditangoti "Halo," mawu achizimayi anati, "Aphunzitsi a Nahuwo, mwakalamba koma mawu ndi omwe aja." Anali Asiyatu. Anandiuza kuti tsopano ndi mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina cha ku Nguludi, ali pabanja, ali ndi ana awiri, ndipo m'makalasi mwake muli ophunzira anayi osaona. Vuto lake linali mabuku. A Chingerezi kompyuta yake imamuwerengera yokha, koma ikafika pa Chichewa, akuti, imayankhula ngati mzungu amene akutafuna chimanga chokazinga. Mabuku atsopano a Chichewa anali asanalembedwe m'timadontho. "Ndapempha anthu ambiri," anatero, "koma amawerenga ngati akuthamangitsidwa. Inu munkapumira pamene wolemba wapumira."

Ndinayesa kujambula pa foni. Nditamutumizira anati akumva malole a pamsewu kuposa ine. Ndinakuuza iwe, Pio, ngati nkhani chabe, koma patatha milungu itatu dalaivala wa basi yochokera ku Joni anandiimbira kuti ndikatenge katundu ku Limbe. M'katonimo munali kabokosi kachitsulo kofiira, kukula kwake ngati theka la buledi, kokhala ndi mabowo awiri kutsogolo ndi timabatani topotokola. Munalinso maikolofoni yolemera, kamwendo koimikapo patebulo, chingwe chonenepa cha mano atatu, kachingwe kena kopita ku kompyuta, mahedifoni, ndi kansalu kakuda kozungulira kokungidwa ngati kang'oma. Unati kabokosiko amakatcha odiyo intafesi, ndipo ntchito yake ndi kulandira mawu kuchokera ku maikolofoni n'kuwapereka ku kompyuta ali oyera. Laputopu inalipo kale, yakale ija Agness anandisiyira.

Tsiku loyamba ndinalumikiza zonse monga zinalili pa chithunzi cha pakatoni. Kagetsi kanayaka. Ndinati "Halo, halo," koma pa kompyuta panalibe chogwedezeka. Ndinakuimbira uli ku ntchito.

"Adadi, mwaika dalaivala?"

"Dalaivala anandipatsa katundu n'kupita."

Unaseka mpaka ndinakwiya. Kenako unafotokoza kuti dalaivala ameneyu ndi kapulogalamu kothandiza kompyuta kuzindikira kabokosiko, ndipo tikakoke pa intaneti. Bandulo inathera pakati kawiri. Titamaliza, unandiuza kuti ndilowe mu pulogalamu yojambulira n'kusankha dzina la kabokosi, chifukwa laputopu ili ndi kakhutu kakekake ndipo imaumirira komweko ukapanda kuiuza. Ndinasankha. Panalibebe kanthu. Nthawi yako yopuma inatha, unati tidzapitiriza Loweruka. Ndinakhala masiku anayi ndikuchiyang'ana chinthucho patebulo, ndikudziuza kuti zimenezi si za nkhalamba.

Loweruka unandiuza kuti ndiloze kamera ya foni pa kabokosi. "Adadi, kabatani kalembedwa 48 ako, dinani. Maiki imeneyo imafuna moto wake." Ndinadina, ndinavala mahedifoni, ndinapotokola kabatani ka pafupi ndi chingwe monga unanenera. Ana anga, chimene ndinamva sindidzaiwala. Ndinamva nyumba yanga. Firiji inkalira, wotchi ya pakhoma inkagunda ngati munthu akukhoma msomali, kunja njiwa, kutali lole ikukwera chitunda. Ndinamvanso kupuma kwanga. Nyumba imene ndinkati ili zii inali yodzaza ndi phokoso, koma lonselo lopanda munthu. Ndinati, "Dzina langa ndine Fabiano Nahuwo," ndipo mawuwo anandibwerera m'makutu mochedwa pang'ono, ngati wina akundinyoza pondiyeserera. Ndinavula mahedifoni msanga. Iwe unati pali kabatani kena kochititsa kuti ndizidzimva kuchokera m'kabokosi momwemo, osadikira kuti mawu akazungulire kaye mu kompyuta. Nditadina, wondiyeserera uja anachoka.

Kabatani kopotokola kaja unati ndi ka geni. Ndinafunsa ngati tayamba malonda, koma nthawi ino tinaseka tonse. Geni wake ndi wokweza kapena kutsitsa mphamvu ya maikolofoni. Kagetsi kozungulira kabataniko kakhale kobiriwira ukamayankhula, kakafiira ndiye kuti mawu asweka, ndipo mawu osweka sakonzeka, umangoyambiranso.

Zotsalazo anandiphunzitsa ndi Asiyatu, amene kabokosiko anali asanakakhudzepo. Ndikatumiza tsamba limodzi pa foni, madzulo ake ankaimba. "Aphunzitsi, mwayandikira kwambiri, pa 'pa' ndi 'pha' paliponse mukundiwomba m'khutu. Siyani mpata wa chikhatho chimodzi, ndipo kansalu kaja kakhale pakati." Tsiku lina anati, "Muli pabalaza eti? Khoma likukuyankhani." Ndinasamukira m'chipinda chimene umagona ukabwera, Pio, koma anati chikuyankhabe, ndipachike mabulangete. Anga anali awiri okha. Ndinatsegula bokosi la amayi anu, limene ndinali ndisanalikhudze chimwalirireni iwo, ndinatulutsa mabulangete atatu ndi zitenje zawo za Chigwirizano cha amayi a kutchalitchi, n'kukhomera m'makoma onse. Tsiku limenelo sindinajambule kanthu. Ulendo wina anamva kulira kwinakwake kosalekeza pansi pa mawu anga, tinafufuza masiku awiri, mpaka ndinapeza kuti ndi chaja cha laputopu. Kuyambira pamenepo ndinkatchaja kaye, n'kuzula, kenako kujambula. Ubwino wake unali wakuti kabokosi kamadya moto wa laputopu, ndiye magetsi akazima ine ndinkapitiriza. Firiji ndinkazimitsa, ndipo kawiri ndinaiwala kuyatsanso, nsomba n'kuola. Mvula ikamagwa pa malata, ntchito inalibe.

Ndinkayamba naini koloko, atambala atatopa, ana a sukulu atadutsa, mpaka leveni. Mutu uliwonse ndinkausunga pawokha ndi dzina lake, chifukwa ndinataya mitu itatu tsiku limodzi posunga wina pamwamba pa unzake. M'miyezi khumi ndi isanu ndi umodzi ndinawerenga mabuku asanu. Kunena zoona, chimene ndinkadikira kwambiri sichinali kutha kwa buku. Chinali foni ya madzulo. Tinkayamba ndi za geni, n'kupitirira ku za ana ake, za amuna ake amene amakonza njinga zamoto, za ophunzira ake, za mawu ena a m'buku amene tinkatsutsana katchulidwe kake. Ndikaika foni pansi ndinkaphika ndi mtima wopepuka.

2024

Maso anayamba kundivuta pang'onopang'ono. Mizere inkalowana, ndipo ndinkayendetsa rula pansi pa mzere uliwonse. Ndinasintha magalasi, koma kuchipatala anandiuza kuti ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo diso lakumanzere lili ndi vuto linanso mkati limene opaleshoni singathetse. Inu sindinakuuzeni, Asiyatu sindinamuuzenso. Ndinkati bola ndikuwerengabe, ndipo iye sankadandaula. Madzulo ankangoti, "Zamveka bwino, aphunzitsi."

Mwezi wa Febuluwale anandiitana kuti ndikaone ophunzira amene ankamva mawu anga. Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe, ina ya ku Nguludi, n'kumalizira pa kabaza. Ndinafika msanga kuposa nthawi imene tinapangana. Mlonda anandiperekeza ku kachipinda kena, ndipo ndinapeza ophunzira anayi aja atazungulira sipika, akumvera buku limene ndinali nditangomaliza. Asiyatu anali m'kalasi ina. Ndinakhala pa benchi kumbuyo mwakachetechete, mtima ukusangalala. Ndinamva mawu anga akuwerenga bwinobwino. Kenako mwadzidzidzi anaduka, panalowa mawu a mzimayi, ojambulidwa pa foni, nawerenga mizere iwiri, ine n'kupitiriza. Patangopita pang'ono, mzimayi uja analowanso. M'mutu umodzi wokhawo ndinapeza zigamba zotere khumi ndi chimodzi. Pena ndinali nditadumpha mzere, pena ndinali nditanena mawu amene m'bukumo mulibe.

Asiyatu atalowa anaima pakhomo. Palibe anamuuza kuti ndafika. Anati, "Aphunzitsi, mwafulumira." Ndinalonjera ophunzira, ndinacheza nawo pang'ono, kenako tinatuluka awiri kukakhala pansi pa mtengo wa mbawa.

"Zayamba liti?" ndinamufunsa.

"Buku lachinayi."

"Amene akuwerengayo ndani?"

"Mayi Malizani, mphunzitsi mnzanga. Amatsatira m'buku, ine ndikumvera, tikapeza podumpha amajambula, amuna anga amalumikiza pa kompyuta."

"Zimakutengerani nthawi yaitali bwanji?"

Anati, "Mutu umodzi, masiku atatu. Nthawi zina anayi."

"Ndipo mayeso ali mu Julayi."

"Eya."

"Bwanji sunandiuze, Asiyatu? Iwe unkandiuza ngakhale za firiji."

"Za firiji mukanatha kuzimitsa," anatero. "Ndinkamva mmene mumayankhira foni, aphunzitsi. Imalira kamodzi kokha, inu mwayankha kale."

Ndinabwerera kunyumba ndi manyazi amene sindinawamvepo pa ntchito yanga yonse. Ndinakhala mlungu wathunthu ndikulimbana nazo. Ndinaganiza zowerenga pang'onopang'ono kuposa kale. Ndinayesa ndi galasi lokulitsa zilembo, ndinajambula tsamba limodzi kanayi, koma nditamvera ndinalephera ngakhale kutsimikiza ngati ndadumpha kapena ayi, poti wotsimikizayo anali maso omwewo. Kunali kutatsala mabuku awiri. Ndikanatha kungokhala chete, ndipo Asiyatu akanapitiriza kusoka zigamba mpaka kalekale osanena kanthu, foni n'kumalira madzulo aliwonse. Ndinazifuna zimenezo, ndisabise. Koma ndinakumbukira kuti ana anayi aja akalowa m'chipinda cha mayeso ndi zimene ndawaikira m'makutu, ndipo mayi wa mawu abwino chotere ankajambula pa foni pamene chipangizo chenicheni chili ndi nkhalamba yosaona mizere.

Lolemba lotsatira ndinakulunga zingwe, ndinaika zonse m'katoni yake yomwe ija, katoniyo m'chikwama, n'kukwera minibasi. Mayi Malizani anali mzimayi wa zaka ngati za Agness, wamanyazi, ndipo anayamba ndi kupepesa. Ndinawauza kuti asapepese, atenge cholembera. Tinasankha kachipinda kosungiramo mabuku, poti mashelefu odzaza sayankha ngati khoma. Tinaika dalaivala pa kompyuta ya Asiyatu, ndinawaonetsa kabatani ka 48, ka geni, ndi koletsa mawu kuchedwa. Ndinawauza za chaja, za mvula, za kusunga mutu uliwonse pawokha. Zimene ine ndinaphunzira m'miyezi itatu iwo anazigwira pofika masana. Kenako anavala mahedifoni, anayeza chikhatho chimodzi, nayamba kuwerenga. Anathamanga. Ndinawagwira paphewa n'kunena kuti wolemba akaika mpumiro, iwonso apume, chifukwa womvera alibe tsamba loti abwererepo. Anayambiranso. Ulendo wachitatu Asiyatu, amene anali atatsamira chitseko, anati, "Basi, ndi zimenezo."

Anandiperekeza yekha mpaka kumsewu, ndodo yake yoyera ikugogoda patsogolo. Dzuwa linali lowala kwambiri moti kwa ine zonse zinkaoneka ngati utsi. Anamva kuti ndikukoka mapazi, ndipo anandigwira pachigongono. "Pali ngalande apa, tambasulani mwendo." Tinaima pa siteji, chikwama changa chopanda kanthu chili kukhwapa. Minibasi zinadutsa ziwiri, ine osatha kuwerenga zikwangwani zake.

"Mwandikwiyira, aphunzitsi?"

"Iyayi, mwana wanga."

"Ndiziimbabe madzulo."

"Usatero. Madzulo uli ndi ana ako, uli ndi mitu ya Mayi Malizani yoti umvere. Uziimba Lamulungu."

Anafuna kutsutsa, koma minibasi ina inaima, iye anapendeketsa mutu kumvera kondakitala nati, "Ya ku Limbe ndi imeneyi, kwerani."

Mabuku awiri aja anawamaliza mu Meyi, ndipo ana anayi onse analemba mayeso awo. Asiyatu amasunga pangano. Amaimba Lamulungu lililonse ikakwana folo koloko, ndipo timacheza mpaka mayunitsi ake atatha. Lero ndi Lachitatu, kwatsala masiku anayi.